Kanyale ka sipuling'i kakayaka tisakamate tepi

Mwezi wa June ukangolowa, pa Mwanza pamayambika ligi imene ngakhale a FAM saidziwa: ligi yokankha galimoto. Kunja kusanayere, pa depoti ndi m'mbali mwa msewu wopita kuchipata mumamva sitata ikulira ngati mbuzi yapachingwe, kenaka mawu a kondakitala: "Mabwana ndi madona, tatsikani pang'ono tikankheko!" Amayi a geni amene adzuka pakati pa usiku kuti akafike ku Limbe manachesi asanagwe mtengo amatsika, kumanga chitenje, n'kuyamba kukankha. Injini ikadzuka imalavula chiutsi choyera chonunkha dizilo wosapsa, anthu n'kukuwa ngati timu yagoletsa.

Chimene chikuzunza anthu onsewa nthawi zambiri ndi kachitsulo kotalika ngati bolopeni, kamene amakaniko amati hita pulagi, kapena mwachidule mahita. Ndipo galimotoyo siibisa kuti ikudwala. Pa dashibodi pali kanyale kachikasu kooneka ngati sipuling'i, kamene ntchito yake ndi kunena za mahitawo ndi zina. Akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi, koma ife mnansi ameneyu tamusandutsa mdani. Ena amamata tepi yakuda, ena amatsekapo ndi chithunzi cha mwana, ena amachita kulipira munthu kuti achotse babu. Maganizo anga ndi akuti chizolowezi chimenechi chikutidyera ndalama zambiri kuposa zimene tikuti tikupulumutsa, ndiponso kuti wolakwa wamkulu pankhaniyi si dalaivala ayi.

Tiyambe tamvetsa chinthucho, poti ambiri amangoti "mahita afa" osadziwa kuti akakhala moyo amagwira ntchito yanji. Injini ya petulo imayatsa mafuta ndi pulagi yothetheka moto. Ya dizilo ilibe zimenezo. Chimene Rudolf Diesel adaonetsa ku Augsburg, m'dziko la Germany, mu 1897 n'chakuti mpweya ukaupanikiza kwambiri umatentha wokha. Pisitoni imafinya mpweya mpaka ukwane m'gawo limodzi mwa magawo 16 kapena 20 a malo amene unali, kutentha kwake n'kupitirira madigiri 500, ndipo dizilo akapoperedwamo amangoyaka yekha. Amene adapopapo njinga akudziwa kuti pampu imatentha kumunsi kwake. Nkhani yake ndi yomweyo. Tsono m'mawa wa chisanu chitsulo cha injini chimakhala chozizira, chimaba kutentha kwa mpweya uja, dizilo n'kukana kuyaka. Apa ndiye pamene hita imagwirira ntchito. Silinda iliyonse ili ndi yake, nsonga yake imafiira ngati khala mpaka madigiri pafupifupi 1,000, ndipo dizilo woyamba akaikhudza moto umagwira.

Pa Hiace ndi Hilux zakale za injini ya 2L, 3L ndi 5L, zimene zidayamba kudzaza misewu yathu m'zaka za m'ma 1990, kanyale kaja kanali ndi mawu amodzi okha: dikira. Umatembenuza kiyi, kanyale kayaka, umadikira kazime, kenaka n'kuliza. Basi. Injini zimenezi zimayambira kuwotcha dizilo m'kachipinda kakang'ono ka m'hedi, n'chifukwa chake popanda mahita zimavuta kwambiri kudzuka. Madalaivala akale ankadziwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Achinyamata a lero, amene amalimbirana pasenjala mmodzi minibasi zitatu, amatembenuza kiyi mpaka kumapeto kanyale kasanazime, kenaka n'kumatukwana batire.

Koma galimoto zimene zikulowa masiku ano pa chipata cha Mwanza ndi pa Songwe si zimenezo. Kampani ya Denso idaika makina a common rail pa malole a Hino mu 1995, ndipo mu 1997 adafika pa galimoto zazing'ono kuyambira ndi Alfa Romeo 156. Lero Hilux ya D-4D, Quantum, Ford Ranger, Isuzu ndi ma Volkswagen atsopano a dizilo amayendera makina amenewa, ndipo wolamula zonse ndi kompyuta. Hita ya makono imafiira m'masekondi awiri kapena atatu, ndipo siizima injini ikangodzuka. Kompyuta imaisiya ikuyakabe kwa kanthawi, mwina mpaka mphindi zingapo, kuti dizilo apse bwino, utsi uchepe, injini isagogode. Ndipo kanyale kaja kadaphunzira chilankhulo chachiwiri. Kakayaka n'kuzima musanalize, kakuti dikirani. Koma kakakana kuzima, kapena kakayamba kuphethira galimoto ili paulendo, kakuti kompyuta yaona vuto ndipo yalilemba.

Vuto limenelo mwina si la mahita n'komwe. Pa galimoto zambiri za Volkswagen ndi Audi kanyale ka sipuling'i kamaphethira ngakhale chimene chafa ndi kaswitchi ka pa buleki, kamene kamayatsa nyale zofiira za kumbuyo. Tangoganizani. Munthu wamata tepi pa dashibodi kuti kanyale kasamusowetse mtendere, pamene kanyaleko kamamuuza kuti akuponda buleki pamtsetse usiku koma lole imene ili kumbuyo kwake siikuona chizindikiro chilichonse. Nthawi zina kuphethira kumeneko kumanena za vavu ya EGR imene yatsekeka ndi mwaye, kapena za mphamvu ya mafuta imene yatsika. Kugula mahita anayi atsopano pamene vuto lili kwina kuli ngati kumwa mankhwala a malungo dzino likuwawa.

Palinso msampha wina umene ogula galimoto ayenera kuudziwa. Injini za makonozi zimapopera dizilo mwachindunji m'silinda, choncho kunja kukatentha zimadzuka bwinobwino ngakhale mahita awiri atafa. Galimoto imene yadutsa m'ng'anjo ya ku Tete mu October, n'kugulidwa dzuwa likuswa mtengo, imaoneka yangwiro mpaka chiperoni chitafika. Wogulitsa amakhala atadya ndalama kalekale.

Tsopano tifike pansi pa mtengo wa mango, pamene galimoto zathu zambiri zimakonzedwera. Ine amakaniko a pansi pa mtengo ndimawavulira chipewa. Popanda iwo dziko lino likadaima kale. Anthu amenewa amadzutsa injini imene mwini wake wa ku Japan adaitaya zaka khumi zapitazo. Koma tisanamizane, nzeru zimene adaphunzira pa 3L zikupha injini za makono. Njira yakale yoyesera hita inali kuimasula, kuigunditsa ku batire ndi waya, n'kuona ngati ifiira. Pa hita ya mavoti 11 palibe cholakwika. Koma mahita ambiri a makono adapangidwira mavoti 4.4, 5 kapena 7, ndipo kompyuta ndi imene imawagawira magetsi pang'onopang'ono. Ukaipatsa mavoti 12 onse a batire imafiiradi, mokongola zedi, kenaka imapsa. Makaniko amaipha poiyesa, n'kutembenuka kukuuzani kuti, "Mwaona bwana, inali yotha kale."

Chonsecho kuyesa koyenera sikufuna n'komwe kumasula pulagi. Kamita kakang'ono koyezera magetsi, kamene kamapezeka m'mashopu a hadiweya, kamakuuzani m'mphindi zochepa: hita yamoyo imaonetsa ohm imodzi kapena kucheperapo, yakufa siionetsa kanthu. Ndipo mahita onse anayi akaoneka ngati afa tsiku limodzi, munthu wanzeru amayamba wayang'ana fyuzi ndi relay, pakuti ana anayi sadwala mutu nthawi imodzi popanda chimene adya.

Nanga batani lija? Aliyense wokwera minibasi adaliona: kabatani kowonjezera pafupi ndi chiwongolero, kamene dalaivala amakadina n'kumawerenga chamumtima asanalize. Ameneyo ndi waya wochoka ku batire kupita ku mahita molambalala relay. Pa galimoto yakale zimatheka, malinga ngati chala chikudziwa kuwerenga mpaka teni. Chala chikaiwala, nsonga ya hita imatupa. Yotupayo siituluka pabowo pake, ndipo ikathyoka n'kugwera m'silinda, pisitoni imaitafuna pamodzi ndi mavavu. Ntchito ya kachitsulo kamodzi yasanduka yotsitsa hedi. Ngakhale kumasula kumene kumafuna ulemu. Mahita a makono ndi aatali, owonda, ndipo amagwidwa ndi mwaye m'hedi ya aluminiyamu. Amafuna injini ikhale yofunda, mafuta ofewetsera dzimbiri, ndi dzanja lodekha. Mnyamata wophunzira ntchito akabwera ndi chipaipi chowonjezera pa sipanala, mwini galimoto ayambiretu kuwerenga ndalama.

Za njira zina zodzutsira injini m'mawa ndingolemba mwachidule, poti mukuzidziwa. Kuyatsa chisanza n'kuchiika pakamwa pa paipi ya mpweya, pafupi ndi mapaipi a dizilo, pasenjala ali m'kati. Kupopera mankhwala a m'chitini aja a ether, amene akakumana ndi hita imodzi imene ikadali yamoyo amaphulika pisitoni isanafike pamwamba, n'kuthyola maring'i. Kugoneka galimoto pamtsetse, nzeru imene yatha ntchito tsopano poti galimoto zambiri zochokera ku Japan n'za otomatiki ndipo sizidzuka pokankha. Ndiye pali ena amene amangoisiya injini ikulira usiku wonse. M'dziko limene anthu agonapo pa mizere ya mafuta mu 2011 ndi 2012, n'kudzagonanso kuyambira 2022, munthu akuwotcha dizilo mpaka mbandakucha kuti apewe kugula hita!

Ndikudziwa chimene eni galimoto anene. Anena kuti wolemba uyu sakudziwa mtengo wa zinthu. Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo chitsulo chilichonse cha galimoto chimagulidwa ndi ndalama zakunja zimene n'zosowa. Zoona zimenezo, ndipo sindikuzichepetsa. Koma tiyeni tiwerengere limodzi. Injini imene ikukana kudzuka imalizidwa kasanu, kakhumi, m'mawa uliwonse. Sitata idapangidwa kuti izilira masekondi owerengeka, osati kuimba nyimbo yonse, choncho imapsa. Batire limene likadatha zaka limatha miyezi. Dizilo wosapsa uja amatsuka oyilo m'makoma a silinda n'kutsikira m'sampu, oyilo n'kusanduka madzi, injini n'kumadyeka mwakachetechete. Pa galimoto zimene zili ndi sefa ya mwaye ku ekizozi, imene amati DPF, nkhani imakula. Sefa imeneyi imadziyeretsa yokha potentha mpaka madigiri pafupifupi 600, koma pa galimoto zambiri kompyuta ikaona kuti mahita ali ndi vuto imaleka kuyeretsako. Sefa imatsekeka, galimoto imatha mphamvu, n'kumakwera zitunda za pakati pa Zalewa ndi Mwanza ngati ngolo ya ng'ombe. Batire, sitata, sefa, hedi: chilichonse mwa zimenezi chimagulidwanso ndi madola omwewo, ndipo n'chodula kuposa hita.

Chimene chimachitika n'chakuti wolipira ndi wina, wosankha ndi wina. Mwini minibasi ali ku Blantyre kapena ku Johannesburg, amafuna ndalama yake ya tsiku yokwana. Dalaivala akanena kuti kanyale kayaka, yankho ndi lakuti, "Galimoto ikuyenda kapena siikuyenda?" Akaumirira, amauzidwa kuti ndalama ya mahita ichoke m'thumba mwake, kapena asiye kiyi poti ofuna ntchito ndi ambiri. Ndiye mukuti atani? Amagula tepi. Tsiku limene injini idzagwe, dalaivala yemweyo ndi amene adzatchedwe mfiti yowononga galimoto za eni. Ndipo mayi wa manachesi uja, amene sadziwa n'komwe kuti hita n'chiyani, ndi amene amafika pamsika ogula ambiri atapita, n'kugulitsa dengu lonse pamtengo wongotaya.

Ogulitsa zitsulo nawonso asabisale. Bokosi lolembedwa NGK, Denso kapena Bosch si umboni wakuti cham'katimo n'chochokera ku kampani imeneyo, poti zachinyengo zilipo ndipo makampani eni akewo amachenjeza za izo. Koma ngakhale yeniyeni ikakhala ya nambala ina ndi poizoni. Mahita awiri angafanane kutalika ndi mazinga koma n'kusiyana mavoti. Mawu akuti "imalowa" atiphera injini zambiri. Pitani ndi nambala ya injini, kapena ndi hita yakaleyo, muwerenge zimene zalembedwa pathupi pake. Wogulitsa amene akukwiya chifukwa mwafunsa, musiyireni katundu wake.

Pa Mwanza pali nkhani inanso imene sitingaizembe, ya mafuta a m'zigubu. Mafuta akasowa m'mafilingi siteshoni, aliyense amadziwa kuti Zobue ili pafupi, ndipo zigubu zimayenda. Sindikuweruza munthu amene akufuna kuti bizinesi yake isaime. Koma kuyambira 2017 Malawi, pamodzi ndi Mozambique ndi Zimbabwe, idasamukira ku dizilo wa salufa wochepa, wa 50 ppm, amene injini za makono zimafuna, ndipo phindu lonse la kusinthako limathera m'chigubu chimene dzulo chinali ndi madzi kapena parafini. Pampu ya common rail imakankha mafuta ndi mphamvu yoposa ma bar 1,500, kudzera m'timabowo tochepa ngati tsitsi. Kadontho ka madzi kapena kamchenga n'kokwanira. Injini yakale inkameza zonsezo n'kungotsokomola. Yatsopano imayatsa kanyale, ndipo ife timathamangira kunamizira mahita.

Ndiye funso lenileni ndi ili: kanyale kakayaka pa Mwanza, munthu apite kuti? Galimoto za makono zili ndi kabowo ka mapini 16 pansi pa chiwongolero. Ukalumikizapo makina owerengera, kompyuta imanena yokha chimene yaona. Ikalemba P0671 ndiye kuti vuto lili pa hita ya silinda yoyamba, P0672 yachiwiri, mpaka P0674 yachinayi. Palibe kulosera, palibe kuombeza. Koma anthu ambiri akamva zoti galimoto "ikaikidwe pa kompyuta" amaganiza za ulendo wa makilomita pafupifupi 100 wopita ku Blantyre, tsiku lonse lopanda ndalama, ndi bilu ya galaja ya mabwana. Mtunda umenewu ndi umene umagulitsa tepi.

Izi n'zochititsa manyazi pa boma limene lakhala khomo la dziko lino kwa zaka zambiri. M'nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique malole ankadutsa njira ya Tete pamdipiti, moperekezedwa ndi asilikali a Zimbabwe, ndipo mtendere utasainidwa ku Rome mu October 1992 msewu umenewu udasanduka mtsempha wa malonda athu ndi Harare, Johannesburg ndi Durban. Injini za dizilo zamitundumitundu zimagona pa Mwanza usiku uliwonse kudikira mapepala. Malole akuluakulu ambiri sagwiritsa n'komwe mahita a m'silinda, ali ndi chotenthetsera mpweya m'paipi, koma nawonso ndi a kompyuta ndipo amafuna wowawerenga. Ngati pali malo amene mnyamata kapena mtsikana wodziwa magetsi a galimoto angadye bwino, ndi pano.

Kale mabasi a UTM, amene adadzakhala Stagecoach mu 1989 kenaka Shire Bus Lines, anali ndi magalaja awoawo kumene achinyamata ankaphunzira ntchito mwadongosolo. Shire Bus Lines idatsekedwa mu 2007, ndipo ntchito yonyamula anthu ili m'manja mwa eni minibasi amene aliyense ali payekha. Wophunzitsa amakaniko awo ndani? Bungwe la TEVETA lidakhazikitsidwa mu 1999 ndipo olemba anthu ntchito amalipira msonkho wa 1 peresenti ya malipiro kuti luso lipite patsogolo. Pempho langa kwa akuluakulu a bungweli ndi a masukulu a ntchito zamanja monga Soche ndi Nasawa ndi lakuti asadikire makaniko wa zaka 45, wa ana asanu, kuti asiye galaja yake akakhale m'kalasi zaka zitatu. Sabwera. Mutengereni maphunzirowo komwe ali: sabata imodzi kapena ziwiri pa boma, madzulo, m'Chichewa, ndi galimoto yeniyeni, mita yoyezera magetsi ndi makina owerengera kompyuta. Munthu amene amatha kumasula giyabokisi n'kuibwezera osatsala bawuti sangalephere kuwerenga manambala anayi.

Kwa inu ophunzira amene mukumaliza Fomu 4 kapena muli ku koleji n'kumadandaula kuti ntchito kulibe, taganizirani. Foni imene ili m'manja mwanuyo imatha kulankhula ndi galimoto kudzera pa kachipangizo kakang'ono ka Bluetooth. Mabuku a galimoto amene adabwera m'Chijapani ali pa intaneti m'Chingerezi, chimene inu mumawerenga koma amalume anu a pansi pa mango chimawavuta. Chenjezo lake n'lakuti tizipangizo totchipato sitimva galimoto zonse, makamaka zina zimene zidapangidwira msika wa ku Japan, ndipo kufufuta nambala ya vuto si kukonza vutolo. Alipo kale ena m'tauni amene amalipiritsa anthu pongozimitsa kanyale, kamene kamadzayakanso galimoto isanafike pa Lunzu. Ameneyo ndi wa tepi yemweyo, wangovala tayi. Koma wophunzira wodziwa kuwerenga akagwirizana ndi makaniko wodziwa sipanala, pamenepo pali galaja imene madalaivala a pachipata angaimire pamzere.

A Road Traffic nawo ali ndi mbali yawo. Poyeza galimoto kuti ipatsidwe COF, kutembenuza kiyi n'kuona ngati nyale zochenjeza zikuyaka ndi kuzima m'nthawi yake sikutenga mphindi imodzi. Dashibodi imene ili ndi tepi, kapena imene nyale zake zidachotsedwa, isamadutse. Wina anena kuti utsi wa m'mawa ndi nkhani yaing'ono poyerekeza ndi matayala akutha. Mwina. Koma mu 2012 nthambi ya bungwe la zaumoyo padziko lonse yofufuza za khansa, IARC, idaika utsi wa dizilo m'gulu la zinthu zimene zimayambitsa khansa ya m'mapapo. Amene amaupuma kwambiri si mwini galimoto. Ndi kondakitala, ndi anyamata oitanira, ndi amayi ogulitsa manachesi ndi mandasi amene amaima kumbuyo kwa minibasi ana ali kumsana.

Pakadali pano, inu amene mukupita kukaona galimoto ya dizilo yoti mugule, kaya pachipata kaya pa Ginnery Corner, pitani m'mamawa ndipo muuzeni wogulitsa asailize musanafike. Gwirani boneti ndi injini, muone ngati n'zozizira. Tembenuzani kiyi theka, osaliza, muyang'ane dashibodi: kanyale ka sipuling'i, ka injini, ka oyilo ndi ka batire tonse tiyake. Kamene sikayaka, funsani kuti kadapita kuti. Kenaka lizani, mnzanu ataima kumbuyo kuyang'ana ekizozi. Ikadzuka kamodzi, utsi n'kutha m'masekondi ochepa, kambiranani mtengo. Ikayamba yanjenjemera ngati yagwidwa malungo n'kumalavula choyera, muuzeni wogulitsayo abweretse mita muyeze mahita onse anayi pomwepo, ndalama zikadali m'thumba mwanu.